Kosi ya equity ya pa intaneti: mmene ndikuionera mayeso atayandikira

Poyamba kosi ya equity (malamulo a ku England obweretsa chilungamo pomwe malamulo wamba alephera) ndi ma trust (dongosolo losungira wina katundu mwalamulo), yomwe ndikuphunzira pa intaneti ndili kuno ku Harare, ndinalemba kuti mavidiyo ake ndi omveka komanso aphunzitsi amayankha msanga. Papita miyezi tsopano, ndipo anzathu a ku Mufakose ndi ku Highfield konkuno ku Harare akundifunsa ngati nawonso alipire. Ine ndimayamba ndawafunsa kuti: ntchito ya zamalamuloyo mukufuna kukaigwira kuti, kuno kapena kumudzi ku Malawi?

Mbali ya mbiri ikadali yokoma. Amafotokoza bwino mmene anthu a ku England, akasowa chilungamo m'makhoti wamba, ankakadandaula kwa mfumu, iyo n'kutumiza madandaulowo kwa Lord Chancellor, mmodzi wa nduna zake zazikulu, mpaka panabadwa Court of Chancery, khoti la equity. Mlandu wa Earl of Oxford wa 1615 ndiwo unatsegula njira yoti malamulo a makhoti wamba ndi equity akatsutsana, equity ipambane, ndipo ma Judicature Act a 1873 ndi 1875 anaika zonse m'khoti limodzi.

Umene sundichoka m'mutu ndi wa Keech v Sandford wa 1726. Munthu wina ankasungira mwana lendi ya msika wa ku Romford. Mwini malo atakana kuonjezera lendiyo m'dzina la mwana, wosungayo anaitenga m'dzina lake. Khoti linati ayi, aipereke kwa mwanayo pamodzi ndi phindu lonse, ngakhale panalibe umboni woti anachita chinyengo. Aliyense amene anaonapo achibale akugawana katundu wa ana amasiye maliro asanathe n'komwe sangavutike kumva chifukwa chake lamuloli ndi louma chonchi.

Vuto ndi lakuti kosiyi imaphunzitsa ngati dziko lonse ndi London. Kwa wopita ku Malawi palibe chodandaula kwenikweni, chifukwa kumeneko malamulo a ku England, equity ili momwemo, analowa kudzera mu British Central Africa Order in Council ya 1902. Kuno ndi nkhani ina. Maziko a Zimbabwe ndi malamulo a Roman-Dutch, ochokera kwa Aroma ndi Adatchi, monga ankagwirira ntchito ku Cape, ku South Africa, pa 10 June 1891, ndipo mmenemo mulibe equity yoima payokha. Mwachitsanzo, ku England kukakamiza munthu kuchita zimene analonjeza pa mgwirizano ndi chithandizo chapadera, choperekedwa ngati chipukuta misozi cha ndalama sichikukwanira. Kuno wodandaula ali ndi ufulu wopempha zimenezo poyambirira pomwe, ngakhale woweruza angathe kukana. Trust nayonso ilipo, koma siima pa kugawa umwini pawiri, wa wosunga ndi wa wosungiridwa, monga amachitira Angerezi. Mnzanga wa ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant ataona manotsi anga anangoti, "Achimwene, izi musadzazinene pamaso pa jaji wa kuno."

Chinandinyansa kwambiri n'choti pa mfundo yoti wopempha thandizo la khoti abwere ndi manja oyera, kutanthauza kuti iyenso asakhale wolakwa pa nkhaniyo, sanatchule n'komwe za kuno. Chikhalirecho mu 2003 Supreme Court inakana kumva dandaulo la kampani yosindikiza Daily News chifukwa inali isanalembetse monga lamulo la AIPPA, lokhudza ofalitsa nkhani, linkafunira, ndipo posakhalitsa apolisi anatseka nyuzipepalayo. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, pa gawo 85, anadzanena kuti kuphwanya lamulo sikumtsekera munthu khomo la khoti akafuna kuteteza ufulu wake wachibadwidwe. Zonsezi ndinachita kuzifufuza ndekha.

Za kuyankha msanga zija zinathera m'miyezi yoyambirira. Masiku ano ntchito ukatumiza imabwerako mochedwa, ndemanga yake mizere iwiri. Mavidiyo amadya data koopsa, ndipo magetsi akazima ndimadalira zomwe ndinasindikiza pa pepala. Gawo la kulondola ndalama zomwe wosunga trust wasakaniza ndi zake analithamangira, pomwe ndi limene limazunguza mutu kuposa onse.

Ngati cholinga chanu ndi Blantyre kapena Lilongwe, lipirani, koma mupezenso buku lenileni la equity, ngakhale logwiritsidwapo kale, ndipo muziwerenga zigamulo za makhoti a ku Malawi pambali. Ngati mukhala konkuno, ndalamazo ziyambe zapita ku maphunziro a Roman-Dutch, equity idzabwere pambuyo.