Mwafomata laputopu, Wi-Fi yasowa: njira zobwezera driver pa Windows 7, ndi ina imene inandidyera bandulo

Mwezi uno wokha anthu atatu andipeza pa ntchito panga ku Luwinga ndi vuto limodzimodzi. Laputopu yakale aifomata, Windows 7 yalowa bwinobwino, koma pakona pafupi ndi wotchi pali kachizindikiro kofiira ka X. Wi-Fi kulibe, ngakhale chingwe cha netiweki sichikugwira. Ambiri ndi ana a sukulu a ku Mzuni amene makina awo sangathe kunyamula Windows 10, ndipo funso lawo ndi lomwelo: "Achimwene, nanga pamenepa nditani?" Chimavuta n'chakuti driver ya netiweki (kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kugwiritsa ntchito kadi ya netiweki ya m'kati mwa laputopu) imapezeka pa intaneti, pomwe pa intanetipo sungalowe popanda driver yomweyo. Kudikira kuti Microsoft ikuthandizeni n'kutaya nthawi, poti inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020.

Ndiyambe ndi njira imene ndinakwiya nayo: mapulogalamu aja olonjeza kuti afufuza okha ma driver onse mukangodina batani limodzi. Chaka chatha alamu anga a ku Chibavi, amene ndi aphunzitsi, anandisiyira laputopu yawo Lachisanu kuti Lolemba alembepo mayeso a ana. Pofuna zachangu ndinaika pulogalamu ina yotere, dzina lake ndisalitchule, n'kulumikiza foni yanga kuti ipereke intaneti. Inandionetsa mndandanda wautali wolembedwa mofiira, ati ma driver onsewo ndi akale. Ndinadina batani lija n'kupita kukathira tiyi, popeza kunkazizira monga mudziwira Mzuzu mu Juni.

Pobwerera ndinapeza meseji pa foni yoti bandulo yanga ya sabata yatha. Inatsitsa driver ya sikirini, ya mawu, ya kamera, kuphatikizapo browser ina ndi antivirus zimene sindinazipemphe. Ya Wi-Fi yokhayo, imene ndinaikira pulogalamuyo, inali ndi kaloko pambali pake: kuti itseguke ndilipire madola kudzera pa khadi ya kubanki. Zimenezi sanazinene poyamba. Anadikira kuti ndithe data kaye. Chowawa china, driver ya sikirini imene inalowa inali yolakwika, zilembo zinatambasuka ngati zalembedwa pa lasitiki. Inandipulumutsa ndi batani la Roll Back Driver mu Device Manager (pamene Windows imaonetsa zipangizo zonse za kompyuta ndi ma driver ake), limene limabwezeretsa driver yoyamba ija. Alamuwo ataimba Loweruka kufunsa kuti zili pati, ndinasowa chowayankha. Alipo anzanga amene amati ena mwa mapulogalamuwa amawathandiza, sindikutsutsa, koma pa makina a munthu wina ine sindidzaikanso.

Kulumikiza foni kuja pakokha n'kwabwino, ndi mlatho wowolokera. Pa foni ya Android mumayatsa USB tethering, ndipo Windows 7 ili kale ndi driver yake yotchedwa Remote NDIS. Ikapanda kulowa yokha mumaisankha pamanja mu Device Manager, pa gulu la Network adapters, pansi pa Microsoft Corporation. 

Kadongo ka Wi-Fi ka USB kogula mumsika kamathandiza ngati kadi ya m'kati inafa, koma nakonso kamafuna driver, ndipo nthawi zambiri imabwera pa ka CD kakang'ono pomwe choikamo ma CD pa laputopu zakalezi chinasiya kale kugwira ntchito.

Njira imene ndimaikonda ndi yofunsa makinawo dzina lenileni la kadi yake. Dinani Start, lembani devmgmt.msc kuti mutsegule Device Manager. Pansi pa Other devices muona Ethernet Controller ndi Network Controller zili ndi chizindikiro chachikasu. Yoyambayo ndi ya chingwe, yachiwiri ndi ya Wi-Fi. Dinani kumanja, Properties, kenako Details, musankhe Hardware Ids. Mupeza mzere woyamba ndi PCI\VEN_ ndipo zilembo zinayi zotsatirazo ndizo zikukuuzani amene anapanga kadiyo: 10EC ndi Realtek, 8086 ndi Intel, 14E4 ndi Broadcom, 168C ndi Atheros, 1814 ndi Ralink. Zimene zili pambuyo pa DEV_ ndi mtundu wake. Izi n'zofunika chifukwa laputopu ziwiri za dzina limodzi, za HP kapena Dell, zimatha kukhala ndi makadi osiyana m'kati, n'chifukwa chake driver imene inagwira kwa mnzanu imakana kwa inu. Mukadziwa zimenezi pitani pa tsamba la amene anapanga laputopu kapena kadiyo pa foni, tsitsani fayilo imodzi yokhayo, muisamutsire pa kompyuta ndi chingwe cha USB. Onetsetsani kaye ngati Windows yanu ndi ya 32-bit kapena 64-bit. Driver ikakana n'kulemba Code 52, ndiye kuti Windows yalephera kutsimikiza siginecha ya driver, ndipo kawirikawiri chosowa ndi update ya KB4474419 imene imafuna Service Pack 1. Laputopu ya alamu anga inali ndi 168C. Fayilo yake inatsika pa kabandulo ka tsiku limodzi, data ina n'kutsalako.

Kwa amene mumakonza makina ambiri, ndikupatseni ziwiri zosunga pa fulashi. Snappy Driver Installer Origin ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti, koma yathunthu ndi ya ma GB ochuluka, choncho tengani gawo la netiweki lokha kapena mukopere kwa mnzanu amene ali nayo. 3DP Net ndi yaing'ono poyerekeza, inapangidwira ma driver a netiweki basi, ndipo pa driver ya chingwe cha netiweki imandithandiza kawirikawiri. Pa ziwirizi ndimatsamira kwa Snappy chifukwa imakuonetsa ma driver angapo oyenera n'kukusiya usankhe wekha. Munthu wa laputopu imodzi asavutike nazo, ya Hardware Ids ija ikumukwanira.

Ngati laputopu yanu simunaifomate, musanaipereke kwa aliyense tsegulani C:\Windows\System32\DriverStore n'kukopera foda ya FileRepository yonse pa fulashi. Mukadzaikanso Windows 7 ya mtundu womwewo, mu Device Manager musankhe Update Driver Software, kenako Browse my computer, mulozere ku foda ija mutachonga Include subfolders. Ya alamu anga ndinaikopera tsiku lomwelo, fulashi yake amaisunga m'thumba la chaja.