Katoni, mphika wosweka kapena nsungwi: chabwino n'chiti m'khola la mbira ndi akalulu?

Kuno ku Ulongwe ambiri amaweta mbira ndi akalulu poganiza za ndiwo, koma kwathu ana anazipatsa mayina, ndiye mpeni sufikako. Chaka chatha kalulu wamkazi anayamba kukukuta matabwa a khola usiku wonse, mbira nazo n'kumangounjikana pakona ngati zaona mphamba. Njala sinalipo. Mano a nyamazi sasiya kukula. Akutsogolo a kalulu amatalika pafupifupi mamilimita 2 pa sabata, ndipo akasowa chotafuna amayamba ndi nyumba yake yomwe. Komanso kutchire nyamazi zimadyedwa ndi zinzake, choncho popanda pobisala mtima wake sukhala m'malo. Ndayesa zinthu zitatu, osawononga ngakhale metikali imodzi.

Katoni ndiyo aliyense amayambira, poti ungopempha kugolosale. Chotsani tepi ndi timawaya tonse, kenaka boolani makomo awiri. Awiri ndithu, chifukwa mbira yaukali ikaima pakhomo limodzi lokhalo, inzake ya mkati ilibe kothawira, ndipo mawa mudzapeza khutu long'ambika. Kalulu aisandutsa zidutswa pa sabata imodzi, koma musadandaule, masewerawo ndi omwewo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha kuno ku Angónia chimalowa m'mafupa, katoni yodzaza udzu wouma palibe choiposa. Mvula ikangoyamba mu Disembala ndi pomwe imachita manyazi: chinyontho ndi mkodzo zikakumana, masiku atatu sakwana yafewa kale, yachita chuku, mphemvu zapezamo pogona.

Za mphika ndinaphunzira kwa alamu anga aku Moatize, ndipo poyamba ndinawaseka. Iwo anatenga mphika wadothi wobenthuka, n'kupala m'mphepete mosongokamo ndi mwala, n'kuuvundikira m'khola kuti pobenthukapo pakhale khomo. Masana amauwaza madzi. Ndinawafunsa kuti, "Alamu, mwayamba kuthirira miphika?" Anangoti, "Pisani dzanja mkatimo muone." Munali zii ngati mumtsuko, pomwe panja dzuwa likuswa mtengo. Madzi akamauma padothi amachoka ndi kutentha, monga momwe mtsuko umaziziritsira madzi akumwa. Kwa amene muli kumunsi, ku Moatize kapena mumzinda wa Tete momwe Okutobala ndi Novembala amapitirira madigiri 40, nkhaniyi si yamasewera ayi. Mbira kwawo ndi kumapiri a Andes ku South America, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 30 imayamba kuvutika. Kalulu naye satuluka thukuta ngati ife, amadalira makutu, n'chifukwa chake mumamupeza atatambalala m'mbali mwa mphika wonyowa. Katoni kumalo otero imasanduka uvuni. Koma mphika sutafunika, ndi wolemera moti ukapendekeka ukhoza kupsinja tiana, ndipo kuboola khomo lachiwiri osauswa n'kovuta. Ine ndinaphwanya iwiri. Nditaubweretsa kuno nthawi yachisanu, mbira zanga zinangoununkhiza n'kubwerera m'katoni.

Nsungwi imafuna munthu wodekha. Mumaing'amba n'kuluka kampita kokhala ngati mono wopanda chotsekera, kapena kungodula pansi pa dengu lakale. Mphepo imadutsa, imatafunika, mvula siiopa, ndipo yanga yatha chaka. Mbira zimaukonda kwambiri mpitawo, zimathamangitsana kulowa uku kutulukira uko, makamaka mukauika motsatira khoma. Palani zisonga bwinobwino, ndipo wa kalulu ukhale waukulu woti atembenukiremo.

Mwana wanga wamkulu anaona pa Facebook kagudumu kothamangiramo n'kuyamba kundikakamiza. Ndinakana. Kamene kaja n'ka tinyama tina tonga mbewa. Msana wa mbira supindikira chambuyo, ikhoza kuvulala.

Chimene ndaona n'chakuti kanyumba kalikonse kamatopetsa msanga ngati mulibe chofunafuna. Ndiye ndimasomeka chisoso ndi kholowa m'mipata ya nsungwi, masamba a mabulosi ndimawapachika ndi nthambi zake zomwe kuti kalulu aziimirira powafikira, kenaka n'kukukuta khungwa. Kachidutswa ka gwafa ndimakakulunga m'makoko a chimanga n'kuponyera mbira, chifukwa thupi lake silipanga lokha vitamini C, n'chimodzimodzi anthufe. Masamba a mbatata ya kachewere, ngakhale ali mbwee m'madimba a ku Tsangano ndi kuno, musawayerekeze, ali ndi poizoni. A mapeyala chimodzimodzi. Kalulu ndinamuwonjezera beseni lobooka lodzaza dothi kuti azikumba, ndipo kukukuta matabwa kuja kunachepa. Mbira beseni ilo sizilipenya n'komwe.

Atandiuza kuti ndisankhe chimodzi, kuno kumtunda ndingatenge nsungwi, katoni n'kumangoiwonjezera m'chisanu. Alamu anga akuti iwo nsungwi aiona bwino mvula ikagwa. Panopa auza amayi oumba mbiya kuti awaumbire mphika wa makomo awiri dothi likadali lofewa.