CT kapena MRI: iti imakhudza maselo a m'thupi?

CT imajambula m'thupi ndi cheza cha X-ray, pomwe MRI imadalira maginito ndi mafunde a wailesi.

Maselo: cheza cha CT chimatha kudula DNA, kachingwe kosunga malangizo a chibadwa m'kati mwa selo. Kawirikawiri selo limadzikonza lokha, koma likalakwitsa pokonzapo, khansa ingayambe patapita zaka. Maselo ogawikana msanga, monga a m'mafuta a m'mafupa ndi a mwana wosabadwa, sachedwa kuwonongeka. CT imodzi yapamimba imapereka cheza chomwe munthu amalandira m'chilengedwe pa zaka pafupifupi 3. MRI sidula DNA.

Nthawi: CT, mphindi zochepa; MRI, theka la ola kapena kuposa, munthu ali chigonere m'makina aphokoso.

Mtengo: MRI ndiyodula.

Wovulala mutu pangozi asazengereze, CT ndiyo yomuyenera. Ana ndi amayi oyembekezera ndingawafunire MRI pakakhala mpata, bola adokotala atsimikize kaye kuti m'thupi mulibe zitsulo zokokedwa ndi maginito.