Dicor 501LSW pa denga la kanyumba kogona ka pa pikapu

Mwa zomatira zonse zomwe amagulitsa kwa eni tinyumba togonamo tokweza kumbuyo kwa pikapu, Dicor 501LSW, yopangidwa ndi kampani ya ku Elkhart m'boma la Indiana ku America, ndi imene ndimaikhulupirira pa denga. Imabwera mu chubu cha pafupifupi 300 ml, ndipo mukaifinyira pamwamba pa masikuluwu kapena m'mbali mwa chiboo cholowetsa mpweya, imayenderera yokha ngati phala la ufa woyera mpaka kukwirira mutu uliwonse wa sikuluwu popanda kuisalaza ndi chala. Imagwira pa mphira wofolera denga wa mtundu wa EPDM ndi TPO, pa aluminiyamu komanso pa fiberglass, ndipo ikauma siuma gwa, zomwe n'zofunika kwambiri chifukwa kanyumba kotere kamagwedezeka ndi kupindika pang'ono nthawi zonse galimoto ikamadutsa m'mabampu.

Komabe ubwino wake umaoneka pokhapokha mwapeza pomwe madzi akulowera, ndipo ntchito yaikulu ili pamenepa. Banga lomwe mukuliona ku siling'i kawirikawiri silikhala pansi pa pomwe madzi akulowera, popeza madzi amatsata matabwa a mkati asanadonthe. Munthu mmodzi akhale mkati ndi tochi, wina azithira madzi ndi paipi kuyambira m'munsi n'kumakwera pang'onopang'ono, akuima mphindi zingapo pa mfundo iliyonse yolumikizira. Mbali yotulukira pamwamba pa kabini ya dalaivala muiyang'anitsitse, makamaka pa timagetsi ta kutsogolo, chifukwa ndi yomwe imalimbana ndi mvula ndi mphepo pa ulendo, komanso ndi pomwe pali bedi, ndiye chinyezi chimabisala pansi pa matiresi mpaka thabwa kufewa.

Malire ake ndi odziwika. Pa khoma imachucha, choncho pamenepo pamafunika mtundu wina wa Dicor wosayenderera. Pa silikoni wakale sigwira ngakhale pang'ono, ndipo muyenera kumupala yense, kutsuka ndi sopo n'kudikira kuti paume. Petulo kapena parafini musayandikize pa EPDM chifukwa amatupitsa mphirayo. Imakokanso fumbi, moti kuyera kwake sikukhalitsa, ngakhale ine zimenezo sindiziwerengera.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi anthu omata pamwamba pa thabwa lowola kale, chifukwa akatero amatsekera chinyezi mkati. Denga likamabonyoka mukalisindikiza ndi dzanja, yambani mwasintha thabwalo, muike tepi yomata ya mphira yotchedwa butyl pansi pa chimango cha chiboo cholowetsa mpweya, Dicor ibwere pomaliza, ndipo muziyendera mfundo zonse mvula isanayambe.