Madafu a pa njinga ku Kariakoo: bambo aja ndi abwino, koma mnyamata wawoyo ayi

Amene mumapita ku Dar kukapikula katundu mukuwadziwa anthu a madafu aja, amaima ndi njinga m'mbali mwa msewu atapachika kokonati wosakhwima kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Awa ndikunenawa amagulitsa awiri chakufupi ndi msika waukulu wa Kariakoo, bambo wachikulire ndi mnyamata, ndipo ndineneretu kuti mnyamatayo ndili naye chakukhosi mpaka pano.

Mtengo unali mashilingi 1,500 lalikulu, pamenepo palibe nkhani. Ndinafika thukuta lili kamukamu zikwama zili kumanja, bambo aja kunalibe, nde mnyamatayo m'malo modula pa phava lomwe linali pa njinga anangopisa dzanja pansi pa thumba n'kutulutsa losendasenda kale, mutu wake utada bii, kugogoda kamodzi ndi mpeni basi wandipatsa. Kukoka kamodzi kokha ndinalavula pompo. Kusasa kwake ngati thobwa loti lagona masiku pa dzuwa, ndiye kafungo ka mowa mowa, madzi ake mbuu komanso onanda. Ndikumuuza kuti ichi chawonongeka iye akuseka, ati mama ndi mmene amakomera okhwima bwino, lipirani poti mwaika kale pakamwa. Ine zimenezo ayi. Chiswahili changa n'chothyokathyoka koma tsiku limenelo chinatuluka chonse, ndinamuuza kuti aling'ambe pakati anthu aone, anakana kaye kenako ataona kuti azimayi ena ayamba kuima analing'amba monyinyirika. Abale inu. Mnofu uja m'malo moyera unali wotuwa, pena chikasu, ukuchita kumatuka wokha, ndipo kunsi kwake kunali mng'alu wochita chuku chakuda. Iye akulidziwa bwinobwino, nanga analibisiranji pansi pa thumba? Anangoona kuti mayi uyu ndi mlendo, mawa akwera basi ya ku Mbeya sadzabweranso.

Chinandipsetsa mtima kwambiri n'choti izi si zongonena kuti wataya ndalama. Ku Denmark kuli bambo wa zaka 69 amene anamwalira atangomwa pang'ono madzi a kokonati wosendasenda amene anakhala pafupifupi mwezi kunja kwa fuliji, madokotala anapeza poizoni wochokera ku chuku, nkhani yake inatuluka mu 2021. Nde wina akuti mama imwani basi.

Tili mkati mokokanakokana bambo aja anatulukira, sanafunse zambiri, anangonunkhiza chidutswa chimodzi n'kuponya kutali, mnyamata uja anamukalipira pamaso pa anthu. Apa mtima unayamba kutsika. Anadula lina pa phava, lobiriwira, khungu losalala lopanda bala, n'kundipatsa kuti ndinyamule ndekha ndimve kulemera. Anati ndiligwedeze pafupi ndi khutu, silinamveke kanthu, ndiye akuti lanthete labwino limakhala lodzaza thothotho moti madzi alibe poyenda, likamachita khuchukhuchu kwambiri ndiye kuti layamba kukhwima kapena madzi atayika penapake. Ine ndinazolowera kokonati wouma wophikira uja amene timafuna azimveka madzi, kumeneku n'kosiyana. Anandionetsanso kuti ndizidina kunsi ndi ku mutu, pakakhala pofewa kapena ponyowa ndisiye.

Analisenda ine ndikuona, ndipo lomwelo linayamba kufiirira pomwe padutsa mpeni pasanathe mphindi zingapo, nde musamathawe chifukwa cha kufiirira kokhako, vuto ndi mawanga akuda, mng'alu ndi fungo. Madzi ake anali oyera mbee, otsekemera pang'ono, ozizira bwino ngakhale sanalowe mu fuliji. Nditamaliza anang'amba n'kundisemera kasipuni kuchokera pa khungu lomwelo, mnofu wake woyera wofewa wongotsetsereka pakhosi. Kunena zoona ndi dafu lokoma kuposa onse amene ndamwapo ku Dar, ngakhale a ku Coco Beach odula aja. Ndalama analandira ya limodzi.

Nde nyenyezi ndikupereka zitatu, zonsezo ndi za bambo aja. Mnyamatayo sanapepese olo pang'ono, ndikuchoka anali akung'ung'udza chogwada akutola makoko. Mukapita mukakane losenda kale ngakhale akuuzeni kuti lasendedwa pompano, muloze nokha la pa phava, adule mukuona, ndipo mununkhize musanamwe. Musalitengenso lotsegula kupita nalo ku loji kuti mukamwa madzulo, kutentha kuja silichedwa kusasa. China chomwe sindinakonde ngakhale kwa achikulirewo ndi timapaipi tomwera tija, amatisunga m'botolo lotsegula pamsewu pafumbi ndipo sindinaone paketi yake, ine ndinangomwa ndi pakamwa.