Leaf, Aqua kapena Note e-Power: iti yoyitanitsa ku Japan?

Chiyambireni mavuto a mafuta, aliyense amene waona Leaf yanga ikudutsa pambali pa mzere wa ku filling station amafuna ticheze. Funso silisintha: achimwene, ndiyitanitse yamagetsi kapena ndingogula hybrid, ija ya injini ya petulo yothandizana ndi batire? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye ndilembe kamodzi. Pakhomo pathu ku Lilongwe pali Nissan Leaf yakale, yoyendera magetsi okhaokha, ya batire ya 24 kWh (mayunitsi 24 a magetsi), ndi Toyota Aqua, hybrid imene amayendera mayi a kunyumba. Nissan Note e-Power ndi ya alamu anga, koma ndaiyendetsa mokwanira kuti ndiinene.

Ndiyambe ndi chimene chinandiwawa, chifukwa palibe wogulitsa amene amachitchula.

Mtengo umene mumauona pa intaneti wolembedwa kuti CIF Dar es Salaam (galimoto, inshuwalansi ndi sitima) umathera pa doko. Aqua kapena Note ikatsika m'sitima, dalaivala amathira petulo n'kuuyamba ulendo: Morogoro, Iringa, Uyole, Kasumulu, kuwoloka Songwe, kukwera Chiweta, mpaka Lilongwe. Ndi makilomita oposa 1,400, ndipo ma ejenti mtengo wake amaudziwa pamutu. Leaf yakale singayende ulendo umenewo. Ikayenda makilomita 100 imafuna soketi ndi usiku wonse. Kuikoka ndi chingwe nakonso n'koletsedwa, poti matayala akutsogolo akamagudubuzika amazungulitsa mota ndipo mutha kuwononga zamkati. Njira ndi imodzi basi, kuikweza pa lole yonyamula magalimoto.

Ejenti wanga anandiwerengera za dalaivala ndi mafuta ngati galimoto wamba, ndinalipira, tinagwirana chanza. Galimoto itatsika pa doko m'pamene anaimba foni: "Bwana, iyitu siyenda yokha." Ngati kuti waziona lero! Papepala lililonse panalembedwa kuti ndi yamagetsi. Lole ija siinyamuka ndi galimoto imodzi, imadikira idzaze, ndipo pamene ikudikira masiku aulere a pa doko amatha, ndalama ya malo osungira n'kuyamba kuwerengedwa tsiku ndi tsiku. Zonsezo m'madola. Amene munayitanitsapo katundu kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mukudziwa mmene dola limapwetekera ukalifuna mwadzidzidzi. Ndalama imene ndinkati ndapulumutsa pogula Leaf yotchipa inathera pamenepo, ndipo ya dalaivala amene sanayendetse galimotoyo sinabwerenso mpaka lero. Munthuyo ndikakumana naye m'tauni amandipatsa moni ndi manja awiri.

Choncho poyerekeza mitengo, musayerekeze ya pa doko. Muuzeni ejenti akulembereni mtengo wofika nayo pa geti panu, mawu oti lole alembedwemo. Pamenepa Aqua ndi Note zapambana popanda mkangano.

Chachiwiri ndi batire. Pa dashibodi ya Leaf yakale pali timizere 12 tosonyeza thanzi la batire, tosiyana ndi tija tosonyeza moto umene watsala. Kamzere koyamba kamazima batire ikatsika kufika pafupifupi 85 peresenti ya mphamvu zake zoyamba, enawo amatsatira mofulumirirapo. Leaf za 24 kWh zinayamba kutuluka mu 2010, za 30 kWh zinabwera cha m'ma 2016, za 40 kWh mu 2017, ndipo zotchipa zimene zimatikopa ife ndi zoyambazo. Musakhulupirire chithunzi cha dashibodi chokha, chifukwa alipo ogulitsa amene amafufuta zimene kompyuta ya batire imakumbukira, timizere tonse n'kubwerera, kenako n'kuzimanso patapita milungu. Pemphani chithunzi cha LeafSpy, pulogalamu ya pa foni imene imawerenga batire kudzera pa kachipangizo ka OBD kolumikiza ku kompyuta ya galimoto, ndipo muyang'ane nambala yolembedwa SOH, yosonyeza thanzi la batire m'maperesenti. Wogulitsa akayamba kuzemba, musiyeni.

Batire ya Leaf ilibe madzi kapena fani yoiziziritsa, ndipo chimene chimaikalambitsa msanga ndi kutentha. Ku Dedza kapena ku Mzuzu ikhoza kukhalitsa. Wa ku Nsanje, Chikwawa kapena Karonga ndingamuuze kuti aganize kawiri. Aqua nayo ili ndi batire, pansi pa mpando wakumbuyo, koma ndi yaing'ono, ili ndi fani, ndipo amakaniko a ku Biwi anaizolowera: amatsegula, kupukuta fumbi pa fani, kusintha zidutswa zofooka. Fumbi limeneli musalipeputse, ndi limene limapha mabatire a Aqua ambiri m'misewu yathu ya dothi. Batire ya Leaf ikatha mphamvu, muyitanitsanso ina kunja, yolemera makilogalamu pafupifupi 300.

Mwina mukuti ndiye ndikuisungiranji. Ndikuisunga chifukwa m'tauni palibe galimoto imene imandisangalatsa ngati iyi. Pa makilomita 100 imadya mayunitsi a ESCOM pakati pa 15 ndi 18. Aqua pa mtunda womwewo imamwa malita anayi kapena asanu. Tengani mtengo wa yunitsi pa lisiti yanu, muchulukitse, muyerekeze ndi mtengo wa lita wa lero, muona nokha. Ilibe oyilo wa injini, ilibe mapulagi, ilibe ekizozi yoti ibooke. Mabuleki amatha mochedwa chifukwa mota imathandiza kuimitsa galimoto n'kubwezera moto m'batire. Kuchokera ku Area 25 kupita ku City Centre, kukatenga ana kusukulu, kudzera ku msika, moto umatsalabe. Ndipo mafuta akasowa, ine ndimagona pabedi panga. Amene amagona pa mzere ndi ine ndemwe, inde, koma ndili mu Aqua ya mayi.

Kutchaja kuli ndi tinthu take. Chingwe chimene chimabwera ndi Leaf ya ku Japan chinapangidwira magetsi a 200V ndipo chimakoka ma amp 15, pamene masoketi athu a mano atatu amalekezera pa 13. Mukachiika pa adaputala ya pa msika musungunula soketi. Itanani wamagetsi wodziwa ntchito akukokereni waya wakewake kuchokera pa bolodi, kapena gulani chingwe chokoka ma amp 10, chimene chimadzaza batire usiku wonse. Magetsi akazima usiku, m'mawa mudzuka ndi theka. Chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense amakumbukira mmene tinkakhalira mumdima. Inivata ya kunyumba yoyatsira TV ndi mababu singadzaze galimoto, musadzinamize. Ngati mukukhala nyumba ya lendi ya mita yogawana, konzekerani kukangana ndi aneba.

Maulendo aatali ndiye palibe nkhani. Ku Blantyre ndi makilomita oposa 300, Leaf yanga siidziwako. Ku Salima imafika chifukwa njira ndi yotsetsereka, koma pobwerera ndi chikweza chokhachokha, ndipo muyenera kupeza woti akubwerekeni soketi mugone komweko. Kumudzi kukagwa maliro, timakwera Aqua. Imakhula mimba pa mabampu, inapangidwa yofupika, koma imafika n'kubwerako ndi thanki imodzi.

Tsopano Note e-Power, imene ndili nayo chifukwa. Galimotoyo payokha ilibe vuto lalikulu. Inatuluka ku Japan mu 2016, matayala ake amayendetsedwa ndi mota yamagetsi yofanana ndi ya Leaf, ndipo ponyamuka pa maloboti imathamanga mokoma kuposa Aqua. Chimene chimandinyansa ndi mmene amaigulitsira pa Facebook: "yamagetsi, iwalani za mafuta." Bodza. Ilibe potchajira. Ili ndi injini ya petulo ya malita 1.2 imene ntchito yake ndi kupanga magetsi, ngati jenereta ya pa ukwati, ndipo petulo akatha imaima ngati galimoto ina iliyonse. Alamu anga anaigula atamva mawu amenewo, lero timapezana pa mzere womwewo. M'tauni imamwa pang'ono ndithu, koma pa M1 mukaithamangitsa injini imalira osapuma ndipo phindu lake limachepa. Zipangizo zake sizipezeka mosavuta ngati za Toyota, ndipo ikayatsa nyali yachilendo pa dashibodi amakaniko ambiri amangokanda mutu.

Kugulitsanso: Aqua mukailengeza m'mawa, madzulo yapita. Leaf aliyense amaiyamikira, wogula ndiye sapezeka.

Ndiye yankho langa ndi ili. Ngati pakhomo padzakhala galimoto imodzi yokha, gulani Aqua, muzipukutitsa fani ya batire pa sevisi iliyonse. Ngati muli kale ndi ina ya maulendo, muli ndi mpanda ndi mita yanuyanu, ndipo moyo wanu uli mkati mwa Lilongwe kapena Blantyre, Leaf idzakubwezerani ndalama pang'onopang'ono, makamaka mukakwanitsa ya 40 kWh. Koma muyambe mwafufuza imene ili kale m'dziko muno, muione ndi maso, muilumikize LeafSpy, muiyendetse mpaka moto utsike. Za lole ya ku Dar zija alipire wina. Note e-Power ndaisiyira alamu anga aiyankhire okha.