Nyuzipepala kapena buku la nthano: chimanola Chingerezi ndi chiti?

Wophunzira aliyense wa Fomu 4 amadziwa kuti akalephera Chingerezi pa mayeso a MSCE, satifiketi palibe. Nanga aziwerenga chiyani?

Nyuzipepala ngati The Nation kapena The Daily Times ili ndi ubwino wake. Nkhani zake n'zazifupi, ndipo zambiri mumakhala mutazimva kale pa wailesi, choncho tanthauzo la mawu achilendo silivuta kulitola. Koma Chingerezi chake n'chamtundu umodzi: nduna yati, apolisi amanga, khoti lagamula.

Buku la nthano yaitali lili ndi zambiri. Muli anthu akukangana, akunyengererana, akudandaula, ndipo mumaona mmene ziganizo zimasinthira pokamba zakale kapena zimene zikadachitika. Mlembi amabwerezabwereza mawu amene amawakonda mpaka kumapeto, ndiye amakhazikika m'mutu popanda kuloweza. Vuto n'loti mitu yoyambirira imalemetsa. Ambiri amasiyira pomwepo, makamaka amene amatsegula dikishonale pa mzere uliwonse.

Ine ndili kumbali ya nthano, bola ikhale ya msinkhu wanu. Ngati tsamba lililonse likukuimitsani kangapo, kabwezeni bukulo ku laibulale mukatenge lina losavutirapo.